Phunziro 17: Ghorwane, Dziwe Losaphwa

Anzathu ophunzira, amai ndi abambo, phunziro la lero ndi la nyimbo. Mwina wina anena mumtima kuti, "Kodi ndasiya khasu kumunda kuti ndidzamve za anyamata oimba magitala?" Dikirani, bambo. Werengani kufikira kumapeto. Mukapeza liu lovuta, imani, mulitchule mokweza kawiri, kenaka pitirirani. Maina ambiri a m'phunziro lino ndi a kumwera kwa dziko lathu, ndipo lilime lidzapunthwa. Palibe kanthu. Moçambique ndi dziko limodzi kuyambira ku Rovuma kufikira ku Maputo, ndipo maina a abale athu tiyenera kuwadziwa.

Dzina ndi chaka

Ku chigawo cha Gaza kuli dziwe laling'ono. Gaza ndi dera lotentha, la mchenga, ndipo mvula ya kumeneko ndi yosadalirika. M'chilimwe timitsinje timauma. Koma dziwe ili anthu amati silimaphwa, ngakhale dzuwa liwawe bwanji. Dzina lake ndi Ghorwane.

Mu 1983 anyamata ena a mumzinda wa Maputo anapanga gulu loimba ndi kulipatsa dzina la dziwelo. Wowatsogolera anali Pedro Langa, woimba ndi wopeka nyimbo. M'zaka zoyambazo pagulupo panalinso Zeca Alage, woomba chitoliro chachitsulo chotchedwa saxofone, ndi Roberto Chitsondzo, woimba gitala. Atatu amenewa ndiwo anapeka nyimbo zimene zinatchukitsa Ghorwane.

Tiyeni tikumbukire chaka chimenecho, pakuti sitingamvetse nyimbo tisanadziwe nthaka imene inamerapo. Mu 1983 ufulu wathu unali ndi zaka 8 zokha. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO inali itafalikira m'zigawo zambiri. RENAMO inayamba ndi thandizo la boma la azungu la Rhodesia, ndipo pa nthawi iyi inali kulandira zida kuchokera ku boma la tsankho la South Africa. Miseu inatsekeka. Masukulu ndi zipatala za kumidzi zinatenthedwa. Pamwamba pa nkhondo panagwa chilala, ndipo ku Gaza ndi ku Inhambane anthu zikwi zambiri anafa ndi njala. Mu Maputo masitolo anali opanda kanthu. Chakudya chinkagulidwa ndi khadi, banja lililonse muyeso wake, ndipo amai ankadzuka usiku kukaima pa bicha, ndiko kuti pa mzere. Akulu a mumzindamo akukumbukirabe masiku a kabichi ndi nsomba ya carapau: lero kabichi, mawa kabichi, mkuja kabichi. Wokhala ndi ndalama ankagula kwa a kandonga, ogulitsa mobisa pa mtengo wokwera.

Chaka chomwecho boma linayambitsa Operação Produção. Munthu wa mumzinda wopanda chikalata cha ntchito ankatengedwa ndi kutumizidwa kukalima ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Akulu a ku Lichinga anawaona anthu amenewa akutsika m'ndege, alendo osadziwa chilankhulo, osazolowera chisanu. Ambiri sanabwererenso kwao. Tsono taganizani: mnyamata woyenda ndi gitala m'miseu ya Maputo mu 1983 sanali munthu wokhazika mtima pansi. Ndi m'chaka chotere m'mene anyamata aja anasankha dzina la madzi osaphwa.

Kumene kunachokera kaimbidwe kao

Pa nthawi ya atsamunda, mzinda wa Maputo unkatchedwa Lourenço Marques. Mumzindamo munali wailesi yotchedwa LM Radio, imene inkaulutsa nyimbo za pop ndi rock za ku Ulaya ndi ku America, makamaka kwa omvera a ku South Africa. Inatsekedwa mu Okutobala 1975, miyezi ingapo ufulu utabwera. Achinyamata a mumzinda anakula akumva The Beatles ndi The Rolling Stones, ndipo anaphunzira kugwira gitala la magetsi potsanzira iwo. Magulu ambiri ankangobwereza nyimbo za eni ake, liu ndi liu, ngakhale tanthauzo osalidziwa. Mtsamunda sanadandaule nazo. Iye ankaphunzitsa kuti zilankhulo zathu si zilankhulo, kuti magule athu ndi a anthu a m'mbuyo, ndi kuti wofuna kuwerengedwa ngati munthu asiye za makolo ake, atenge za Mpwitikizi.

Koma kuseri kwa mzinda wa simenti kunali mzinda wa bango, kumene ankakhala anthu akuda: Mafalala, Xipamanine, Chamanculo. Kumeneko kunakulira kaimbidwe kotchedwa marrabenta. Anyamata ankapanga magitala a zitini ndi matabwa, monga ana athu amapangira banjo ndi chitini cha mafuta ndi waya. Amati dzinali linachokera ku liu la Chipwitikizi lakuti rebentar, kudula kapena kuphulitsa, chifukwa ankakhwatcha mwamphamvu kufikira nsambo zitaduka. Fany Mpfumo ndi Dilon Djindji ndiwo akuluakulu a marrabenta.

Ghorwane inatenga uku ndi uku. Zoimbira inatenga za magulu a rock. Kugunda kwa nyimbo inatenga kwa makolo.

Mukamamvetsera nyimbo yao, yambani ndi pansi. Pansi pali gitala la besi, la nsambo zonenepa, limene ankaimba Carlos Gove. Ntchito yake ndi ya ng'oma yaikulu: silidzionetsa, limangogwira nyimbo kuti isagwe. Pambali pake pali ng'oma za Paíto Tcheco, munthu mmodzi woomba ng'oma zingapo ndi timitengo tiwiri ndi mapazi onse awiri. Pamwamba pa izi magitala amalukana, lina likusiya mpata, linzake likulowa pampatapo, monga amai awiri osinja mumtondo umodzi, musi uwu ukukwera, uwo ukutsika. Kenaka malipenga: lipenga la Júlio Baza ndi saxofone ya Zeca Alage. Malipenga salira nthawi zonse. Amadikira woimba amalize mau ake, ndipo amamuyankha onse pamodzi, mwachidule, monga ovomera nyimbo pa chimtali. Wina atsogolera, ena avomera. Izi sanakaziphunzire kwa The Beatles.

Magule amene anaikamo ndi marrabenta, muthimba wa ku Gaza, ndi xigubo, gule wa ankhondo wovina ndi zishango. Inu a ku Angónia mutaona xigubo simungamudabwe, pakuti ndi mbale wake wa ngoma ya Angoni. Ndipo nyimbo zao zambiri anaziimba m'zilankhulo za kumwera, Chichangana, Chironga ndi Chichopi.

Kodi kugwira gitala la magetsi ndi kugulitsa mwambo? Iai. Chimanga chimene timalima chinachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ku America. Koma ndani anganene kuti nsima si yathu?

Mau a nyimbo

Apa ndi pamene pagona nkhani.

Ufulu utabwera mu 1975, nyimbo zambiri za pa wailesi zinali zotamanda: kutamanda Chipani, kutamanda ufulu, kulimbikitsa ulimi ndi ntchito. Nyimbo zimenezo zinali ndi ntchito yake, ndipo sitizinyoza. Dziko latsopano linafunika kuuzidwa kuti ndi dziko. Koma mai woima pa bicha kuyambira tambala woyamba, ndi kubwerera kunyumba dengu lili lopanda kanthu, sankadzimva m'nyimbo zimenezo. Zimene iye ankanong'oneza mnzake pa mzere, Ghorwane inaziimba pa bwalo, mokweza, ndi malipenga. Inaimba za njala, za kuvuta kwa moyo, za nkhondo yosatha.

Mu 1986 gululi linajambula nyimbo zake ku Rádio Moçambique, kumene oimba ambiri a nthawiyo ankajambulira. Imodzi mwa izo inali ya Zeca Alage, yotchedwa "Massotcha". Litchuleni bwino liu limeneli, mudzalizindikira. Ndi liu lomwe ife timati masoja, asilikali. Nyimboyi siimba za kupambana kwa nkhondo. Imanena za nkhondo monga momwe munthu wamba ankaionera: chuma cha dziko chikuthera ku mfuti pamene anthu akusowa mpunga, ndipo munthu wopanda mfuti akukhala mwamantha.

Tsiku lina ndinaimba nyimboyi pa foni m'kalasi lathu. Ine nkhondoyo sindinaione, ndinabadwa itatha. Ophunzira anga ambiri ndi akulu kwa ine, ndipo Chichangana palibe amene amachimva. Koma agogo ena amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, ali ndi mwana kumbuyo ndi poto pamutu, anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, bwerezaninso. Mau ena onse sindikuwamva, koma la masoja ndalimva." Tinabwereza katatu. Masamu a tsikulo tinawasiya, pakuti aliyense anali ndi yake yonena.

Kuimba zotere pa nthawi ya nkhondo sikunali masewera. Anthu a chitetezo cha boma ankafika kumene Ghorwane inkaimba, osati kudzavina koma kudzamvetsera mau. Panali akuluakulu amene ankaona kuti wodandaula za njala akuthandiza mdani. Koma Pulezidenti Samora Machel anawaikira kumbuyo anyamatawa. Mu 1985, pa chikondwerero cha zaka 10 za ufulu, Ghorwane inaimba, ndipo Samora anawatcha bons rapazes, kutanthauza anyamata abwino. Dzina limeneli linawakanirira, ndipo anthu a ku Maputo akamati bons rapazes amadziwana kuti akunena yani.

Tiyeni tiganizire bwino pamenepa, anzathu. M'misonkhano ya FRELIMO munali chiphunzitso cha kudzudzulana ndi kudzidzudzula. Chiphunzitsocho chinkati cholakwa chobisika chimakula, cholakwa chonenedwa poyera chimakonzeka. Pa pepala zinali zomveka. Koma munthu akaimirira ndi kunena kuti m'sitolo mulibe sopo, kapena kuti asilikali atilanda mbuzi, si onse okhala kutsogolo amene ankakumbukira chiphunzitsocho. Samora anachita bwino kuteteza Ghorwane. Koma ine ndiona kuti tisaimire pomwepo ndi kuomba m'manja. Panali ena amene ananena zofanana ndi zimene anyamatawa anaimba, ndipo analibe Pulezidenti wowatcha anyamata abwino. Nyimbo yoona ikamadikira chilolezo cha munthu mmodzi, moyo wake uli m'manja mwa munthu mmodziyo. Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, chaka chomwe "Massotcha" inajambulidwa. Ghorwane sinasiye kuimba.

Ndipo kudzudzula ndi nyimbo si chinthu chachilendo kwa ife. Mkazi amene sangayankhe apongozi ake pamaso amakawayankha pamtondo, mudzi wonse ukumva, ndipo palibe angamutengere ku bwalo. Ku gule wamkulu nyimbo zimanena za waulesi, za woledzera, ngakhale za mfumu yaumbombo. Achopi a ku Zavala, pa nthawi ya atsamunda, ankaimba pa timbila zao za msonkho ndi za chibalo, akuluakulu a boma atakhala pompo. Ghorwane inangotenga mwambo umenewu ndi kuulumikiza ku magetsi.

Ulendo wa kunja, ndi maliro

Mu 1987 gululi linaitanidwa ku East Berlin, ku chikondwerero cha nyimbo za ndale. Pa nthawiyo Germany inali yogawika pawiri, ndipo mbali ya kum'mawa inali bwenzi la boma lathu. Pambuyo pake anawamva Peter Gabriel, woimba rock wa ku England amene kale anali wa gulu la Genesis. Iye anayambitsa chikondwerero cha WOMAD, chosonkhanitsa oimba a maiko ambiri, ndipo anamanga nyumba yojambulira nyimbo yotchedwa Real World. M'nyumba imeneyo, mu 1991, Ghorwane inajambula chimbale chake choyamba, Majurugenta. M'chimbalemo muli nyimbo monga "Muthimba", "Xai-Xai" ndi "Akuhanha". Taonani: gulu linayamba mu 1983, dziko lonse likulidziwa pa wailesi, koma chimbale choyamba linakachijambula kunja patapita zaka 8. Umo ndi m'mene nkhondo inasaukitsira dziko.

Pa 4 Okutobala 1992, ku Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa RENAMO Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Nkhondo inali itapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena pafupifupi 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi kokha. Othawa anayamba kubwerera. Koma mu Epulo 1993, patangopita miyezi 6 mtendere utabwera, Zeca Alage anaphedwa. Munthu amene anapeka nyimbo yolira nkhondo anapulumuka nkhondoyo, nafa pa mtendere. Majurugenta inatuluka chaka chomwecho.

Anzake anapitiriza. Mu 1994 dziko linakonzekera chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo anthu anafunika kuphunzitsidwa kuvota. Panapangidwa sewero la pa kanema lotchedwa Não é preciso empurrar, kutanthauza kuti sipafunika kukankhana, ndipo nyimbo zake anaimba a Ghorwane. Mu Okutobala chaka chimenecho anthu anaimanso pa bicha, koma tsopano pa bicha ya kuvota.

Chimbale chachiwiri, Kudumba, chinatuluka mu 1997, ndipo m'menemo ndi m'mene "Massotcha" inalowa. Mu Novembala 2001 Pedro Langa, amene anayambitsa gululi, anaomberedwa ndi mfuti ku Maputo, nafa. Mwa opeka nyimbo atatu oyamba aja anatsala Roberto Chitsondzo yekha. Magulu ambiri amatha chifukwa cha kukangana pa ndalama za usiku umodzi. Ili linaika m'manda anthu awiri, ndipo mu 2005 linatulutsa chimbale china, Vana Va Ndota. Oimba ena anachoka, achinyamata analowa m'malo mwao. Mu 2023 Ghorwane inakwanitsa zaka 40.

Nanga ife?

Pa nthawi ya ufulu, mwa anthu 100 alionse a dziko lino, oposa 90 sankadziwa kuwerenga. Nchifukwa chake mu 1978 boma linayambitsa kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga. M'dziko lotere, nyimbo ndiyo inali nyuzipepala. Amene sakanatha kuwerenga Notícias ankatha kutsegula wailesi. Zimene Ghorwane inaimba zinafika kwa anthu amene pepala silikanawafikira.

Koma nyimbo imasungika ikapeza poigwira. "Massotcha" tikuimva lero chifukwa inajambulidwa pa tepi mu 1986 ndi kulowa m'chimbale mu 1997, mwini wake atafa kale. Nanga nyimbo zathu? Amai a ku Tsangano ndi a ku Macanga, amene anakhala zaka m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, nawonso anapeka nyimbo. Anaimba za ufa wogawidwa ndi muyeso, za minda yosiyidwa, za ana osowa panjira. Zambiri mwa nyimbozo sizinajambulidwe pa tepi iliyonse. Zili m'mitu ya agogo, ndipo agogo akutha chaka ndi chaka. Peter Gabriel sadzafika kumudzi kwathu. Chimene tili nacho ndi kope, pensulo, ndi zilembo zimene mukuphunzira m'kalasi lino.

Kutchula ndi kulemba

Gawani mau awa m'zidutswa, muwatchule pamodzi mokweza, kenaka muwalembe m'makope mwanu: nyi-mbo, gi-ta-la, li-pe-nga, ng'o-ma, nkho-ndo, mte-nde-re.

Yang'anitsitsani lipenga ndi ng'oma. Onsewa ali ndi n ndi g, koma samveka chimodzimodzi. Kachizindikiro kakang'ono ka pamwamba ndiko kasiyanitsa. Musakaiwale, pakuti ng'oma ndi yoomba, ngoma ndi gule wa Angoni. M'maina a kumwera chilembo x chimamveka ngati sh: tchulani Xai-Xai, xigubo, Xipamanine.

Mafunso okambirana

1. Dzina la Ghorwane linachokera kuti? Chinkachitika nchiyani m'dziko muno chaka chimene gululi linayamba?

2. Kuyambira 1986 kufikira 1997 ndi zaka zingati? Lembani samuyi m'kope.

3. Akuluakulu ena ankati woimba za njala pa nthawi ya nkhondo akuthandiza mdani. Samora anati ndi anyamata abwino. Inu muti bwanji? Amai ayambe kuyankha, abambo pambuyo.

4. Kodi m'mudzi mwanu muli nkhani imene anthu amaiimba koma sainena pa msonkhano? Chifukwa chiyani?

Ntchito ya kunyumba

Pitani kwa munthu wamkulu amene anaona nkhondo. Mupempheni mwaulemu akuimbireni nyimbo imodzi ya nthawi imeneyo. Akakana musamukakamize, pakuti ena mabala ao sanapole. Pitani kwa wina. Lembani mau a nyimboyo monga momwe akuimbira, osakonza Chinyanja chake. Pansi pake lembani mudzi umene inkaimbidwa, ndi chaka ngati akuchikumbukira. Amene dzanja likadali lolemera agwirizane ndi mnzake, mmodzi azimvetsera, wina azilemba. Mubwere nazo Lachisanu, ndipo amene ali ndi ng'oma abwere nayo.